Mlendo ndi Mwini Mudzi m'Makoleji a Boma ku Amereka

M'chaka cha 1862, Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo la Morrill, limene linapatsa zigawo za Amereka malo oti zigulitse ndi kukhazikitsa makoleji a zaulimi ndi zaumisiri. Popeza eni chigawo ndiwo ankachirikiza makolejiwo ndi misonkho yawo, ana awo ankalipira zochepa, pamene ochokera kwina ankalipira zambiri.

Nanga mlendo amasanduka liti mwini mudzi? Chigawo cha Connecticut chinalamula kuti wobwera aziyesedwa mlendo kufikira atatsiriza maphunziro. Mu 1973, pa mlandu wa Vlandis ndi Kline, Bwalo Lalikulu la dzikolo linathetsa lamulolo, ponena kuti wophunzira ayenera kupatsidwa mwayi woonetsa kuti wakhazikikadi. Kusiyana kwa malipiro kulipobe mpaka lero, koma mlendo sangatsekeredwenso khomo asanamvedwe.