Kufalitsa makanema a nyimbo pa intaneti ku Malawi

Kufalitsa makanema a nyimbo pa intaneti ndi njira yomwe oyimba amafikitsira nyimbo zawo kwa anthu popanda kudikira wailesi ya kanema. Ku Malawi oyimba ambiri ndi oyima paokha: alibe kampani yowalipirira situdiyo, yowajambulira kanema kapena yowatsatsira nyimbo. Woyimba yemweyo ndiye amasankha poika kanema wake, ndipo masamba odziwika kwambiri ndi YouTube, Facebook, TikTok ndi WhatsApp. Masambawa sagwira ntchito mofanana. Tsamba lomwe limafalitsa nyimbo msanga nthawi zambiri si lomwe limabweretsa ndalama, ndipo kusiyanaku kumaonekera bwino m'madera akumudzi monga kwa Mfumu Yaikulu Kaphuka m'boma la Dedza.

Mbiri

Malawi anakhala ndi wailesi ya kanema yakeyake mu 1999, pomwe Television Malawi, yomwe lero ndi MBC TV, inayamba kuulutsa. Izi zisanachitike nyimbo zinkayenda pa wailesi ndi pa makaseti, ndipo oyimba ambiri ankagulitsa nyimbo zawo kudzera ku sitolo ya O.G. Issa ku Limbe. Kenaka kunabwera ma VCD ndi ma DVD, omwe mavenda ankagulitsa m'misika ndipo anthu ankaonera m'nyumba zoonetsera mavidiyo. Mafoni atachuluka, malonda a zimbale anagwa. M'malo mwake munadza timashopu tomwe anthu amati ma burning centre, momwe munthu amalipira kandalama kochepa n'kumuikira nyimbo zambirimbiri pa memori khadi.

YouTube

YouTube inayamba mu 2005 ndipo kampani ya Google inaigula mu 2006. Ubwino wake ndi wakuti kanema amakhala nthawi yaitali, amapezeka mosavuta munthu akalemba dzina la nyimbo, ndipo chiwerengero cha oonera chimaonekera poyera. Okonza zoimbaimba ndi makampani ofuna otsatsa malonda awo amayang'ana chiwerengerochi. Ndi pomwenso Amalawi okhala ku Johannesburg, Cape Town kapena ku United Kingdom amapezera nyimbo za kwawo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, yemwe amaimba babatoni ya chingwe chimodzi, anatchuka kunja chifukwa cha kanema wosavuta yemwe anafalikira pa intaneti, mpaka anakaimba ku Ulaya.

Zovuta zake ndi ziwiri. Kuonera kanema wathunthu kumadya bandulo, ndiye omvera a m'dziko muno ambiri amadikira kuti wina awatumizire. Chachiwiri ndi malipiro. Kuti munthu azigawana ndi YouTube ndalama za otsatsa malonda, amafunika otsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, komanso akhale m'dziko lomwe lili pa mndandanda wa kampaniyi. South Africa, Kenya, Tanzania ndi Zimbabwe zakhala pa mndandandawu kwa zaka zambiri pomwe Malawi panalibe. N'chifukwa chake oyimba ena amadzera ku makampani ofalitsa nyimbo monga DistroKid ndi TuneCore, omwe amatolera ndalamazo m'malo mwawo koma amafuna malipiro a ndalama zakunja.

Facebook ndi TikTok

Pa Facebook ndi pomwe Amalawi ambiri amachezera, ndipo makampani a mafoni a Airtel ndi TNM akhala akugulitsa mabandulo a masamba a mchezo otsikirako mtengo. Woyimba amaona ndemanga za anthu tsiku lomwelo, ndipo tsamba lalikulu la zisangalalo monga Mikozi likaponya kanema wake, dzina lake lingamveke dziko lonse. Koma pakapita masiku ochepa kanemayo amakwiririka ndi nkhani zatsopano.

TikTok, ya kampani ya ku China yotchedwa ByteDance, sifuna nyimbo yonse. Chimene chimayenda ndi kachidutswa, makamaka kolasi kapena kavinidwe komwe ena angatsanzire. Chitsanzo chodziwika ndi cha Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930. Mu 2020 anajambula nyimbo zake zakale limodzi ndi Patience Namadingo, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 kachigawo ka "Linny Hoo" kanali kataonedwa nthawi zoposa 80 miliyoni pa TikTok, ndi anthu ambiri osamva Chichewa. Mwini nyimbo analibe foni yamakono, ndipo za kutchuka kwakeko ankachita kuuzidwa. Nkhaniyi imatchulidwa kawirikawiri pofotokoza kuti kuonedwa ndi kulipidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

WhatsApp ndi memori khadi

WhatsApp siinapangidwe kuti izifalitsa nyimbo, komabe ndi momwe makanema ambiri a oyimba ang'onoang'ono amayendera. Kanema amachoka pa gulu la mpingo kupita pa gulu la banja, wina n'kumupatsira mnzake kudzera pa Bluetooth kapena Xender popanda bandulo iliyonse. Pa ulendowu chithunzi chimafooka chifukwa WhatsApp imachepetsa kukula kwa kanema, dzina la fayilo limasinthidwa, ndipo palibe amene amawerenga oonera. Oyimba odziwa izi amalemba dzina lawo ndi nambala ya foni pa kanema penipenipo, kuti nyimbo ikafika kutali mwini wake asasowe.

Kwa Kaphuka

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, komwe magetsi ndi osowa. Dera la Kaphuka ndi limodzi mwa madera otero. Lili m'mapiri a Dedza, ndipo msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe umadutsa pa Linthipe. Anthu ake ambiri ndi alimi a chimanga, nyemba, soya ndi mtedza. Netiweki imagwira bwino kufupi ndi msewu ndi pa malo ochitira malonda, koma kuseri kwa mapiri imavuta, ndipo kutchaja foni nakonso n'kolipira.

M'madera otere makanema ambiri si a oyimba otchuka ayi, koma a makwaya a mipingo, magulu a achinyamata ndi anyamata ojambulira m'timasitudiyo ta chipinda chimodzi. Kwaya ya amayi yomwe omvera ake ali m'midzi yoyandikana siipindula kwenikweni ndi YouTube yokha. Phindu lake limadza nyimbo ikadziwika: kuitanidwa ku maukwati ndi ku misonkhano ya mpingo, zopereka za pa mwambo wokhazikitsa chimbale, ndi ndalama zomwe achibale a m'tauni amatumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Apa burning centre, ngakhale imakopera nyimbo mosalipira mwini wake, imagwiranso ntchito ngati wailesi ya m'deralo, moti oyimba ena amakasiyako okha nyimbo zawo. Njira yanzeru ndi kuphatikiza: kanema wooneka bwino aikidwe pa YouTube kamodzi kokha pomwe pali netiweki yamphamvu, kachidutswa kapite pa Facebook ndi TikTok, ndipo kanema wochepetsedwa ayende pa WhatsApp.

Umwini wa nyimbo

Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira umwini wa luso m'dziko muno, ndipo lamulo lomwe likugwira ntchito ndi la 2016. Lamuloli linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, ndipo ndalama zake zimagawidwa kwa aluso olembetsa ku bungweli. Woyimba wosalembetsa salandira kanthu.

Mikangano yambiri imayambira pa zinthu zazing'ono. Wojambula kanema akaika nyimbo pa tsamba lake m'malo mwa tsamba la woyimba, otsatira ndi chiwerengero chonse zimakhala zake. Woyimba akagwiritsa ntchito zing'wenyeng'wenye zotola pa intaneti popanda chilolezo, makina a YouTube otchedwa Content ID amazizindikira, ndipo kanemayo angatsekedwe kapena ndalama zake zingapite kwa wina.

Ku Dedza kulinso nkhani ya gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Zilombo zimakometsa kanema ndipo zimakopa oonera akunja, koma za kudambwe sizijambulidwa, ndipo kutulutsa gule kumafuna chilolezo cha mfumu ya mzinda. Kanema woikidwa pa YouTube mwini wake angathe kumuchotsa mafumu akadandaula, pomwe amene walowa m'magulu a WhatsApp ndi m'mamemori khadi sabwezeka.