Pamene Ana a ku Amereka Anaphunzira Kuzimitsa Nyali

Mu October 1973, maiko a Aluya okumba mafuta anasiya kugulitsa mafuta awo ku Amereka, poipidwa ndi thandizo limene dzikolo linkapereka kwa Israel pa nkhondo ya chaka chimenecho. Pasanathe miyezi inayi, mtengo wa mgolo umodzi unakwera kuchoka pa madola atatu kufika pafupifupi 12. Anthu amene anali atazoloŵera kusiya nyali zikuyaka usana wonse anadzidzimuka.

Oyamba kulaŵa kuŵaŵa kwake anali ana a sukulu. Boma la Richard Nixon linalamula kuti pa 6 January 1974 mawotchi atsogozedwe ndi ola limodzi, n'cholinga chakuti madzulo kuzichedwa kuda, anthu asamafulumire kuyatsa magetsi. Nzeruyo inali yokoma pakamwa chabe. M'nyengo yachisanu dzuŵa limachedwa kutuluka kumeneko, choncho ana ankanyamuka kukadali mdima, ena atanyamula matochi. Ku Florida ana angapo anagundidwa ndi magalimoto, makolo n'kuyamba kudandaula kwambiri. Pofika October chaka chomwecho, mawotchi anabwezedwa.

Kenaka akuluakulu anaona kuti mwana ndiye angathe kuŵeta nyumba yonse. Mu 1975 bungwe la boma la Federal Energy Administration linajambula kanyerere kotchedwa Energy Ant, n'kukaika m'timabuku ta ana. Kanyerereko kankawaphunzitsa zinthu zooneka zazing'ono: kuzimitsa nyali potuluka m'chipinda, kutseka chitseko kuti kutentha kusathaŵe, kusataya madzi otentha. Kusankha nyerere kunali kwanzeru ndithu, pakuti palibe mwana amene sanaionepo ikututa chakudya.

Koma phunziro limene linaloŵadi m'mitu silinachokere m'buku. Kumayambiriro kwa 1977 kunagwa chisanu choopsa, chimene mphepo ya ku Dedza mu June singafanane nacho, ndipo gasi wotenthetsera nyumba anapereŵera. Pa 2 February, Jimmy Carter, atangoloŵa kumene pa utsogoleri, anayankhula kwa mtundu wonse atavala juzi, napempha anthu kuti achepetse moto m'nyumba zawo. Mumzinda wa Columbus, m'chigawo cha Ohio, sukulu zambiri zinatsekedwa kwa milungu ingapo mwezi womwewo. Maphunziro sanaime ayi. Aphunzitsi ankaphunzitsira pa wailesi, pa wailesi yakanema ndi m'manyuzipepala, ndipo ntchitoyo inatchedwa School Without Schools. Mwana ankakhala kukhitchini atafunda bulangete, kope lili pamiyendo, akumvetsera masamu pa wailesi. Tsiku limodzi lokha pa mlungu ankapita kukaonana ndi mphunzitsi wake, m'nyumba zoŵerengeka zimene zinkatenthetsedwa popanda gasi.