Bill Russell ndi zikho 11 za Boston Celtics

Anthu akamakangana za katswiri woposa onse m'mbiri ya basiketibolo ya NBA ku America, ambiri amathamangira kuwerenga mapointi. Tikatengera muyeso umenewo, Bill Russell sangakhale nawo n'komwe pagulu la akuluakulu, pakuti pa zaka 13 zimene anasewerera Boston Celtics ankagoletsa mapointi 15 okha pamasewero amodzi, kutengera pakatikati. Komatu m'zaka zomwezo, kuyambira 1956 mpaka 1969, timu yake inatenga ukatswiri wa ligi ka 11, ndipo kuchokera 1959 kufika 1966 inautenga zaka 8 zotsatizana. Palibe wosewera wina amene anafikapo pa zikho 11. Zikho zimenezi zinabwera chifukwa cha kutchinga, ntchito imene olemba ziwerengero a nthawiyo ankangoilumpha.

Russell asanabwere, Boston inali kale ndi anthu odziwa kugoletsa. Bob Cousy ndi mphunzitsi Red Auerbach anafika mu 1950, koma chikho sichinkabwera, chifukwa zimene ankagoletsa uku zinkatayikira kumbuyo. Mu 1956 Auerbach anapereka Ed Macauley ndi Cliff Hagan ku St. Louis Hawks kuti apeze mnyamata wa ku yunivesite ya San Francisco ameneyu, yemwe anachedwa kufika chifukwa anali ku Melbourne kukatenga mendulo yagolide ya Olympics. Sizoni yake yoyamba yomweyo, mu 1957, chikho chinalowa ku Boston. Anasintha chiyani? Mdani akalumpha kuti aponye, Russell sankaumenya mpira mwaukali kuti ukagwere kwa oonerera, pakuti potero mpirawo ubwerera kwa adani omwewo. Ankaugunda pang'ono ndi nsonga za zala kuti ugwere kwa mnzake, ndipo adani asanatembenuke Cousy amakhala atafika kale kutsidya linalo. Mipira yolephera kulowa ankaiwakha yoposa 22 pamasewero amodzi. Koma mipira imene ankatchinga m'malere palibe anailemba, chifukwa NBA inayamba kuiwerenga mu 1973, iye atapuma kale. Ndiye tiganizirenso za osewera amene ankangoleka kuponya poona kuti Russell waima pafupi. Zimenezo sizingalowe m'buku lililonse.

Otsutsa amati ligi ya masiku amenewo inali yaing'ono, ya matimu 8 kapena 9 kwa zaka zambiri, choncho chikho sichinali chovuta. Zoona, ndime zachipulula zinali zochepa. Koma kuchepa kwa matimu kumatanthauzanso kuti akatswiri onse anaunjikana malo amodzi, ndipo Russell ankakumana ndi Wilt Chamberlain kambirimbiri sizoni iliyonse. Chamberlain ndiye uja anagoletsa mapointi 100 pamasewero amodzi mu 1962, chaka chimene ankapeza 50 pakatikati. Chaka chomwecho osewera anzawo, amene panthawiyo ndiwo ankavota, anapereka mphotho ya wosewera wofunika koposa kwa Russell. Iwo ankadziwa amene ankawasowetsa tulo. Awiriwa anakumana ka 8 m'ndime zachipulula, ndipo timu ya Russell inapambana ka 7.

Ena amati anali ndi mwayi wa anzake aluso monga Sam Jones, Tom Heinsohn ndi John Havlicek. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo Russell mwiniwake sankabisa kuti mutu umodzi susenza denga. Komabe tione mmene zinthu zinkayendera iye akasowa. Mu 1958 anavulala kakolo mkati mwa fainolo, Boston n'kugonja kwa Hawks. Cousy anapuma mu 1963, zikho n'kumabwerabe. Auerbach anasiya kuphunzitsa mu 1966, Russell n'kukhala wosewera komanso mphunzitsi, munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindowu mu NBA, ndipo anawonjezera zikho za 1968 ndi 1969. Chomalizacho anachitenga ndi timu yokalamba imene inathera pa nambala 4 m'chigawo chake, pogonjetsa Los Angeles Lakers pakwawo 108 kwa 106, mabaluni a chisangalalo amene eni bwalo anakonzeratu ali chipachikire kudenga. Iye ndi Sam Jones atapuma, Boston inapambana masewero 34 okha n'kugonja 48, Havlicek alipobe.

Zonsezi ankazichita mumzinda umene sunamukonde mokwanira. Anthu atsankho anathyola nyumba yake ku Reading, kufupi ndi Boston, n'kuipitsa pabedi pake. Mu 1961 iye ndi anzake akuda anakana kusewera ku Lexington, Kentucky, ena mwa iwo atakanizidwa chakudya pamalo odyera, ndipo mu 1967 anaima poyera kumbali ya katswiri wa nkhonya Muhammad Ali. N'chifukwa chake ankasiyanitsa timu ya Celtics, imene ankaikonda, ndi mzinda wa Boston. Atamwalira mu 2022 ali ndi zaka 88, NBA inalamula kuti nambala 6 isaperekedwenso kwa wosewera watsopano m'timu iliyonse. Pa nkhani yopambanitsa timu, ligiyi sinaonebe wina wofanana naye.