Kanyezi ka ku Italy Komwe Kanaliza Bwana Phwetekere

Mu 1947, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha kumene, Gianni Rodari anayamba ntchito ya utolankhani ku nyuzipepala ya L'Unità mumzinda wa Milan. Ina mwa ntchito zake inali kuzungulira m'misika tsiku ndi tsiku n'kumalemba mitengo ya zakudya. M'misikamo ndi mmene anaonera kuti pali zimene wosauka amakwanitsa kugula, ndi zina zimene amangodyetsa maso n'kupitirira. Mwana wa wophika buledi wa ku Omegna ameneyu, yemwe bambo ake anamwalira iye asanakwane zaka 10, umphawi sankachita kuumva kwa ena.

Mu 1950 anasamukira ku Rome kukayendetsa magazini ya ana yotchedwa Pioniere. M'menemo munayamba kutuluka nkhani za zithunzi, zojambulidwa ndi Raul Verdini, zonena za kamnyamata kamutu wa anyezi, Cipollino. Kenako Rodari anatenga tchuthi cha mwezi umodzi kuti alembe buku la Cipollino, nakakhala kwa mlimi wina ku Gaggio di Piano, kufupi ndi Modena. Anamuyalira bedi m'chipinda chosungiramo zokolola, makina otayipira anachita kubwereka, ndipo buku linatuluka mu 1951.

Chomwe chalisunga bukuli mpaka lero n'chakuti wolemba sanasankhe zipatso ndi ndiwo zake mwachisawawa. Anthu wamba ndi anyezi, maungu ndi mphesa. Wolamulira dziko ndi Kalonga Ndimu, wowawasa ngati dzina lake, ndipo kapitawo woyang'anira minda ya olemera ndi Pomodoro, phwetekere wonenepa, wofiira psuu ndi ukali. Nkhani imayamba pamene bambo ake a Cipollino akankhidwa ndi chinamtindi cha anthu n'kuponda phazi la Kalonga. Mlandu wake ndi womwewo: ndende moyo wonse.

Gawo logwira mtima kwambiri ndi la nkhalamba Zucchina, mtundu wina wa dzungu. Moyo wake wonse wakhala akudzimana kuti azigula njerwa imodziimodzi, koma pomaliza nyumba yomwe wamanga ndi yaing'ono moti akakhala m'kati maondo amagunda denga. Pomodoro akubwera, akuti malowo ndi a mabwana ake, akumutulutsa n'kuikamo galu. Cipollino atamuyankha mosaopa, phwetekere uja akumugwira tsitsi n'kulikoka. Aliyense amene anadulapo anyezi akudziwa chotsatira: misozi mbwembwembwe, bwana wamkulu kulira pamaso pa mudzi wonse koyamba m'moyo wake. Rodari anapatsa wosauka chida chomwe mwana aliyense anachionapo kukhitchini, ndipo apa m'pamene pali luso lake. Kutsogoloku olamulira amafika poika msonkho pa mvula ndi pa mpweya.

Ku Italy kwenikweniko bukuli silinalandiridwe ndi onse. Rodari anali wa chipani cha Chikomyunizimu, ndipo atsogoleri ambiri a mpingo wa Katolika ankaletsa ana kuwerenga Pioniere. Kumene linatchuka kwambiri ndi ku Soviet Union. Zlata Potapova analimasulira m'Chirasha mu 1953, mothandizana ndi mlakatuli Samuil Marshak, ndipo Zucchina anasanduka dzungu lenileni. Mu 1961 kampani ya Soyuzmultfilm inapanga katuni yake, mu 1973 kunatuluka filimu yomwe Rodari mwiniwake anaonekeramo, ndipo Karen Khachaturian anapeka nyimbo za gule wa ballet yemwe anavinidwa ku bwalo la zisudzo la Bolshoi mu 1977.

Mu 1970 Rodari analandira mphoto ya Hans Christian Andersen, yomwe ndi yapamwamba kwambiri kwa olemba mabuku a ana. Anamwalira ku Rome mu 1980 ali ndi zaka 59. M'buku lija, Kalonga Ndimu atathawa, nyumba yaikulu ya mabwana a Pomodoro inasanduka malo osewererako ndi kuphunzirirako ana, ndipo Pomodoro atatuluka m'ndende anapatsidwa ntchito yosamalira dimba.