Chigumula cha Nowa Tikachiwerengera pa Feira

Pa Feira, pomwe lero timati pa boma la Luangwa, pamakumana mitsinje iwiri ikuluikulu. Luangwa amatsika kuchokera kumpoto, Zambezi amachokera kumadzulo, ndipo akaphatikizana amalowa m'Mozambique. Ukaima padoko, kutsidya kwa Luangwa umaona Zumbo, kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Apa ndiye potsikitsitsa pa Zambia yense, mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Mvula yogwa ku Mongu, ku Ndola, ku Lusaka ndi ku Lundazi, madzi ake onse amadzera pakhomo pathu. Ife obadwira kuno nkhani ya madzi osefukira sitichita kuimva kusukulu.

Nchifukwa chake ndafuna kuti funso lomwe limasautsa achinyamata ambiri tiliunikire pano. Lamlungu m'tchalitchi timamva kuti madzi anamiza dziko lonse mpaka nsonga za mapiri. Lolemba m'kalasi aphunzitsi amati miyala ya dziko lapansi ilibe chizindikiro cha chigumula chotero. Ndaona anzanga ena akusiya kupemphera chifukwa cha mkanganowu, enanso akuyamba kuona mabuku a sayansi ngati msampha wa mdyerekezi. Ine ndikuona kuti onsewa ataya chinthu chomwe sanayenere kutaya.

Nkhani ya Nowa ndi mlendo wakale kuno. Apwitikizi anakhazikitsa msika pa Zumbo cha m'ma 1720, ndipo dzina loti Feira m'chilankhulo chawo limatanthauza msika. Pamodzi ndi amalonda a minyanga ndi golide panabweranso ansembe a chipani cha Dominiko. David Livingstone atadutsa mu Januwale 1856 anapeza mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka. Pambuyo pake, boma la Portugal litathamangitsa ansembe Achijezuiti mu 1910, ena anawoloka Luangwa n'kuyamba mishoni ku Kapoche ndi ku Katondwe. Anthu a Mfumu Mburuma ndi a Mfumu Mphuka omwe anamva za chingalawa anali asodzi ndi opalasa mabwato. Ankadziwa mmene mtsinje umalusira.

Kulusa komwe mabuku analemba bwino ndi kwa 1957 ndi 1958, pomwe ankamanga damu la Kariba kumtunda kwathu. Mu 1957 Zambezi anadzaza n'kumiza khoma lomwe amisiri anatchingira madzi kuti azigwira ntchito pouma. Akatswiri anati zoterezi zimachitika patalipatali. Chaka chotsatira madzi anabwera ochuluka kuposa apo, pafupifupi makiyubiki mita 16,000 pa sekondi iliyonse, n'kukokolola mlatho ndi zipangizo. Madzi onsewo anadutsa pa Chirundu n'kufika pa Feira. Atonga anati Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo, wakwiya chifukwa chotsekeredwa njira. Amisiri analemba manambala, Atonga anasimba za mkwiyo. Onse ankanena za madzi omwewo, koma aliyense ankayankha funso lake. Woyamba ankafunsa kuti madzi ndi ochuluka bwanji. Wachiwiri ankafunsa kuti talakwa chiyani.

Damu litatsekedwa mu Disembala 1958, nyanja inayamba kukwera ndipo nyama zinatsekerezeka pa zilumba. Ntchito yozipulumutsa anaitcha Operation Noah, potengera dzina la Nowa yemweyo. Rupert Fothergill ndi anzake, okhala ndi mabwato a injini ndi maukonde, anagwira ntchitoyo zaka zingapo n'kupulumutsa nyama pafupifupi 6,000. Imeneyi inali nyanja imodzi yokha, m'chigwa chimodzi. Tsono ganizirani anthu asanu ndi atatu akusonkhanitsa mtundu uliwonse wa chamoyo cha padziko lapansi, kuchidyetsa ndi kuchikolopera chaka chathunthu m'chingalawa cha mikono 300, yomwe ndi mamita pafupifupi 135.

Msodzi wa pa Luangwa angawonjezere funso lake. Mcheni ndi mlamba ndi nsomba za madzi opanda mchere. Mitsinje yonse ikanasakanikirana ndi nyanja zamchere kwa chaka, bwenzi lero tikuwedza chiyani? Ndipo kuti madzi aphimbe phiri la Everest, lotalika mamita 8,849, pangafunike madzi ochuluka kuposa katatu madzi a m'nyanja zonse. Miyala ya chigwa chathu nayo ili ndi umboni wake. Kumtunda kwa Luangwa akatswiri anafukula mafupa osanduka miyala a nyama zomwe zinakhalako zaka zoposa 240 miliyoni zapitazo, ndipo imodzi anaitcha dzina la mtsinjewu, Luangwa. Pafupi ndi Chirundu pali mitengo yathunthu yosanduka miyala. Zinthu zotere zimapangika pang'onopang'ono, dothi likuunjikana pa dothi linzake kwa nthawi yaitali kwambiri.

Nanga nkhaniyi inachokera kuti? Kuti tiyankhe, tichoke kaye pa Zambezi tipite ku dziko lina la mitsinje iwiri, Tigris ndi Euphrates, komwe lero ndi Iraq. Mu Disembala 1872 George Smith, wogwira ntchito ku British Museum ku London, analengeza kuti wawerenga phale ladothi lochokera ku mabwinja a Nineve. Pa phalelo, lomwe ndi gawo la nthano ya Gilgamesh, panali nkhani ya munthu wotchedwa Utnapishtim. Anachenjezedwa za chigumula, anakhoma chombo, analowetsamo banja ndi nyama, chombocho chinaima paphiri, ndipo iye anatumiza mbalame kukaona ngati madzi aphwa. Nkhani ina yofanana nayo, ya Atrahasis, inalembedwa zaka zoposa 1,600 Yesu asanabadwe. Mu 1929 Leonard Woolley, akufukula mzinda wa Uri kwawo kwa Abrahamu, anapeza matope a mtsinje okhuthala pafupifupi mamita atatu, ndipo nyuzipepala zinalengeza kuti chigumula cha Nowa chapezeka. Kenaka zinadziwika kuti matope otere ku Kish ndi ku Shuruppak anali a nthawi zosiyana. Kunali zigumula zingapo, chilichonse m'dera lake, m'chigwa chathyathyathya chomwe madzi akadzaza munthu saona mtunda kulikonse komwe angayang'ane.

Ayuda anakhala akapolo ku Babulo Yerusalemu atagwa cha m'ma 586 Yesu asanabadwe, ndipo nkhanizi ankazidziwa. Chofunika ndi kuona zomwe olemba Genesis anasintha. Mu Atrahasis milungu imamiza anthu chifukwa akusokosera n'kuilepheretsa kugona, ndipo madzi ataphwa imathamangira nsembe chifukwa cha njala. Mu Genesis muli Mulungu mmodzi, chomwe chamupweteka mtima ndi chiwawa cha anthu, ndipo nkhani imatha ndi pangano la utawaleza ndi lamulo loletsa kukhetsa magazi. Olembawo anatenga nkhani yodziwika kwa aliyense n'kuigwiritsa ntchito pophunzitsa kuti Mulungu ndi wotani.

Tsegulani nokha Genesis mutu 6 mpaka 9, kaya mu Buku Lopatulika la 1922 kaya mu Buku Loyera la 1998. Mupeza kuti pena Nowa akuuzidwa kutenga ziwiriziwiri za mtundu uliwonse, pena zisanu ndi ziwiri za nyama zoyenera nsembe. Pena mukuwerenga za masiku 40, pena za masiku 150. Akatswiri ambiri a Baibulo amati apa analukana nkhani ziwiri zakale, monga amayi amalukira chingwe ndi luzi luwiri. Wolukayo sanali wosaona. Anasiya zonse ziwiri poyera chifukwa sankalemba lipoti la ofesi ya zanyengo.

Chinyanja chathu chimatithandizanso pano. Liwu la Chiheberi lomwe anamasulira kuti dziko ndi eretz, ndipo limatambasuka monga lathuli. Timati dziko la Mburuma, dziko la Zambia, dziko lapansi, liwu limodzimodzi. Mu Genesis 41 akuti maiko onse anapita kwa Yosefe ku Ejipito kukagula tirigu, koma palibe mbusa amene amaphunzitsa kuti makolo athu a m'chigwa cha Luangwa anali pamzerewo. Gogo wa m'mbali mwa Zambezi akanena kuti chaka chakuti dziko lonse linamira, sitimutcha wabodza. Dimba lake, nkhokwe yake, manda a makolo ake ndi njira ya kwa mnansi, zonse zinali pansi pa madzi. Limenelo ndiye linali dziko lonse kwa iye.

Maganizo awa si achikunja. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko lomwe lero ndi Algeria, amene anamwalira mu 430, ankakhulupirira kuti chingalawa chinalikodi. Komabe iye yemweyo anachenjeza kuti Mkhristu akamanena zopanda pake pa za nthaka, nyenyezi ndi nyama, n'kumati ndi zomwe Malemba akuphunzitsa, amachititsa kuti anthu odziwa zinthuzo aseke Malembawo. Alipo okhulupirira omwe amaumirira kuti madzi anaphimbadi Kilimanjaro, poopa kuti akalolera pa mutu umodzi Baibulo lonse ligwa. Mantha awo ndimawamvetsa. Koma fanizo la mwana wolowerera silifuna chiphaso chobadwira cha mwanayo kuti likhale loona.

Kuima kwanga ndi uku: zigumula zinachitikadi m'dziko la mitsinje iwiri lija, anthu anazikumbukira, ndipo Genesis anasandutsa chikumbutsocho kukhala chiweruzo pa chiwawa ndi lonjezo la chifundo. Tikatha mphamvu zathu zonse poyeza mikono ya chingalawa, mafunso enieni amatidutsa. Pa Kariba nyama zinapeza Nowa wawo, koma Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa pa malole, ndipo mu Seputembala 1958 apolisi anawombera n'kupha amuna asanu ndi atatu a kwa Mfumu Chipepo omwe ankakana kuchoka. Chiwawa chomwe Genesis amadandaula nacho ndi chimenecho.

Inu a ku Kanyama ndi ku Misisi mukudziwa kuti dzinja lililonse madzi amalowa m'nyumba, zimbudzi zimasefukira, ndipo kolera wa 2023 mpaka 2024 anadzaza odwala m'bwalo la mpira la Heroes. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Nowa anamva chenjezo dzuwa likuwala, n'kuyamba kukhoma. Ngalande ya mumsewu mwanu yatsekeka ndi mapulasitiki, ndipo Novembala sali patali.