Paki, gemu ndi mpanda: mawu a ulendo wokaona nyama zakutchire

Mlendo akaima pa Kamuzu Road ku Salima n'kufunsa kumene angakaone nyama zakutchire, anthu amulozera mbali zinayi. Wina atchula Kuti Wildlife Reserve, pafupi ndi boma pomwepo. Wina anena Thuma, kumapiri a kumadzulo. Woyendetsa minibasi amuuza kuti atsate msewu wa M5 mpaka ku Nkhotakota, pomwe mwini bwato wa ku Senga Bay amuonetsa zilumba za Maleri. Onsewa akunena zoona, koma malo anayiwa si amtundu umodzi. Aliyense ali ndi mwini wake, malamulo ake ndiponso mawu ake, ndipo wosadziwa mawuwo amabwerako ataona nyama koma asanamve nkhani yake.

Tiyambe ndi mayina a malo. Pakamwa pa anthu, malo onse osungirako nyama ndi "kugemu", ndipo asilikali olondera nyamazo ndi "agemu". Pamaso pa lamulo pali magulu. Gulu loyamba ndi paki, ndipo Malawi ali ndi mapaki asanu: Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi paki ya Nyanja ya Malawi. Gulu lachiwiri ndi malo otetezera nyama, omwe alipo anayi: Vwaza, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi. Magulu awiriwa ali m'manja mwa nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Wina asaganize kuti paki ndiye yaikulu nthawi zonse. Nkhotakota, yemwe sali m'gulu la mapaki, ndi wa masikweya kilomita pafupifupi 1,800, kuposa Liwonde katatu.

Gulu lachitatu ndi nkhalango yotetezedwa, yomwe mwini wake ndi nthambi ya zankhalango. Cholinga chake choyamba ndi mitengo ndi magwero a mitsinje, osati alendo. Thuma ali m'gulu limeneli, komabe muli njovu ndi njati, ndipo kuyambira m'chaka cha 1996 bungwe la Wildlife Action Group lakhala likuthandiza boma kulondera nkhalangoyi. Gulu lachinayi ndi malo omwe si a boma. Kuti Wildlife Reserve kale inali famu ya ng'ombe, lero muli mbidzi, mphalapala, nswala ndi nyumbu. Mulibe mkango kapena njovu, n'chifukwa chake mlendo amaloledwa kuyenda pansi kapena kupalasa njinga pakati pa nyama, zomwe ku Liwonde sangayerekeze popanda msilikali wa mfuti.

Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zimasokoneza anthu ambiri, poti tikamva paki timaganiza tchire. Zilumbazi ndi gawo la paki ya Nyanja ya Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Chuma chake ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene timafungatira mazira ndi ana m'kamwa. Mitundu yake ndi mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko, ina ngakhale pa chilumba choyandikana nacho. Malire a pakiyi amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera pagombe la zilumba, ndipo m'menemo msodzi saloledwa kuponya ukonde. Kuno mlendo sakwera galimoto, amavala magalasi oonera pansi pa madzi.

Tsopano mawu a mlendo. Liwu lakuti safari linachokera ku Chiswahili, ndipo kumeneko limangotanthauza ulendo. Kale unali ulendo wa alenje achizungu okhala ndi mfuti ndi amtengatenga, lero ndi ulendo wa kamera. Dzina lakuti Big Five, lomwe limalembedwa pa zikwangwani zokopa alendo, ndi chotsalira cha nthawi ya alenjewo. Nyama zisanuzo ndi mkango, kambuku, njovu, njati ndi chipembere, ndipo sizinasankhidwe chifukwa cha msinkhu, ayi, bwenzi mvuu ndi nyamalikiti zili momwemo. Zinasankhidwa chifukwa zinali zoopsa kwa mlenje woyenda pansi. Majete ndiye anayamba kukhalanso ndi zisanu zonsezi m'dziko muno, mikango itabwera mu 2012.

Nanga tiger, yemwe ana amamuona pa kanema n'kumutchula kambuku? Ameneyo mu Africa mulibe. Kwawo ndi ku Asia, makamaka ku India, komwe boma linayambitsa ntchito ya Project Tiger mu 1973 ndi malo asanu ndi anayi, lero malowo apitirira 50. Kambuku wathu, yemwe ena amati nyalugwe, ndi wa madontho, pomwe wa ku India ndi wa mizere. Chimene tingatengeko kwa Amwenye ndi kagawidwe ka malo: pakati pamakhala chigawo cha nyama zokha, kuzungulira apo pamakhala chigawo china chimene anthu ndi nyama amagawana motsata malamulo. Kwathu kuno m'malo ambiri chigawo chachiwirichi palibe, munda wa chimanga umathera pomwe tchire la njovu layambira.

Ulendo wokaona nyama pagalimoto umachitika m'mamawa kapena chakumadzulo, chifukwa dzuwa likakwera nyama zimabisala m'mithunzi. Nyengo yabwino ndi chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, udzu utauma ndipo nyama zikusonkhana pa madzi otsala. Dzinja ndi la okonda mbalame. Woperekeza alendo wodziwa ntchito amawerenga tchire ndi mawu omwe agogo athu ankagwiritsa ntchito. Mphondero zimamuuza nyama yomwe yadutsa ndi kumene yalowera. Ndowe za njovu zikakhala zofunda, mwini wake sali patali. Nthambi yothyoka kumene, khungwa losendeka, kulira kwa anyani mwadzidzidzi, zonsezi ndi uthenga. Amayang'ananso kumene mphepo ikuchokera, popeza njovu siona bwino koma imanunkhiza kutali. Nzeru imeneyi ndi ya mlenje wakale, yangosintha ntchito.

Mawu olemera kwambiri ali kumalire, kumene mlendo safika kawirikawiri. Liwu loyamba ndi kupha nyama mozembera. Makolo athu anali ndi uzimba, kusaka kwa mudzi wonse ndi agalu, mikondo ndi maukonde, ndipo mfumu inali ndi gawo lake la nyama. Malamulo a atsamunda ndi a boma lathu atabwera, ntchito yomweyo ikachitika m'malo otetezedwa inasanduka mlandu. Koma dzina limodzili limaphimba anthu awiri osiyana. Pali bambo wotchera khwekhwe wa waya kuti apeze gwape wa ndiwo, palinso gulu la zamalonda lofuna minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere ndi mamba a ngaka kuti litumize kunja. Lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, wopezeka ndi mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga zimenezi akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30. Komabe wa khwekhwe uja asadziyese wosalakwa. Waya sasankha: wotcheredwa gwape amadula chitamba cha njovu kapena mwendo wa mkango. Ku Thuma mdani wina ndi uvuni wa makala, poti nkhalango ikatha njovu zimasowa pokhala n'kutsikira m'minda.

Liwu lachiwiri ndi mpanda. Awa ndi mawaya a magetsi oyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo ntchito yake ndi ya mbali ziwiri: kuletsa nyama kutuluka ndi kuletsa anthu kulowa. Kwa mlimi wa m'mphepete mwa Thuma, mpanda ndiwo umasiyanitsa kukolola ndi kugona kumunda akuwomba zitini usiku wonse. Kwa mayi yemwe ankatola nkhuni ndi bowa m'nkhalangomo, mpanda womwewo ndi chitseko chotsekedwa. N'chifukwa chake pali dongosolo lina lololeza anthu oyandikana ndi malo otetezedwa kulowa pa nthawi yoikika, ndi chilolezo, kukamweta udzu, kutola matondo kapena kupachika ming'oma ya njuchi, monga zakhala zikuchitikira ku Kasungu. Palinso kugawana phindu, kutanthauza kuti gawo la ndalama zolipira pachipata lizibwerera kumidzi kudzera m'mabungwe a anthu a m'deralo.

Lachitatu ndi kusamutsa nyama. Bungwe la African Parks, lomwe linayamba kuyendetsa Majete mu 2003 ndipo Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, linasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota m'zaka za 2016 ndi 2017. Chifukwa chake chili pa mfundo ina yofunika, yoti malo aliwonse ali ndi mlingo wa nyama zomwe angathe kudyetsa. Ku Liwonde njovu zinachuluka mpaka kuwononga mitengo ndi kutulukira m'midzi, pomwe ku Nkhotakota zinali zitatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha mozembera. Njovu imalasidwa mankhwala ogonetsa kuchokera mu helikopita, banja lonse pamodzi, chifukwa kulekanitsa mayi ndi ana ndi kuputa mavuto. Mu 2022 njovu zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo kumeneko kunamveka madandaulo a imfa ndi minda yowonongeka, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, m'madera amene mpanda unali usanafike. Apa ndi pamene pamatulukira liwu lowawa kwambiri, chipukuta misozi, chimene mabanja oferedwa ndi alimi odyeredwa mbewu amachifunsa koma lamulo lathu silichilonjeza. Kunyanja nkhani ndi yomweyi, kungoti olakwa ndi mvuu yodya mpunga m'madambo ndi ng'ona yogwira msodzi pakamwa pa mtsinje.

Asatinamize munthu kuti kusamala zachilengedwe kunabwera ndi alendo. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira konkuno ku Salima, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse m'nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Amene amatseka ndi kutsegula ndi mfumu ndi anthu ake, ndipo asodzi amamvera chifukwa phindu lake amaliona m'bwato nyengo ikatsegulidwa. Mpanda wa waya umalimba pa chifukwa chomwecho: anthu okhala kunja kwake akaona kuti nyama yamoyo ikuwapindulira kuposa yakufa.

Choncho inu amene mukukonza zokapuma ku Senga Bay, onjezaniponi tsiku la ku Kuti kapena ku Nkhotakota, ndipo tengani ana, poti mtengo wolowera wa Amalawi umakhala wotsika kuposa wa alendo akunja. Mukafika, musangofunsa kumene kuli mkango. Funsani mwini wa malowo, utali wa mpanda, ndi gawo la ndalama yanu limene limafika kumudzi wa kuseri kwa waya. Gulani uchi ndi zosema kwa anthu a m'midzi imeneyo, ndipo wina akakutsatsani nyama yakutchire yowamba m'mbali mwa msewu, kanani.