Pamene Ingoma Inaloŵa M'tchalitchi

Amishoni a ku Scotland atafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, anabwera ndi Baibulo pamodzi ndi nyimbo za kwawo. Mawu anawamasulira m'zilankhulo za kuno, koma maimbidwe anakhalabe a kwawo komweko. Apa panali vuto, pakuti m'zilankhulo zina za m'Malaŵi kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo, ndipo maimbidwe achilendowo kaŵirikaŵiri ankapotoza mawu. Akhristu oyamba ankaimba mwaulemu ataima chilili, koma mtima sunkatakasuka monga umachitira pa ukwati kapena pabwalo la gule.

Zinthu zinayamba kusintha kumpoto, pakati pa Angoni a kwa M'mbelwa. Mbusa Donald Fraser, amene anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni m'chaka cha 1902, analimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo, nakonza mipikisano ya opeka. Amuna monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anatenga maimbidwe a makolo awo, ena a ingoma ndi a kunkhondo, naikamo Uthenga Wabwino. Mmodzi ankatsogolera, khamu lonse n'kumavomera. Nyimbo imene kale inkalimbitsa mtima wankhondo inayamba kulimbitsa mtima wokhulupirira. Zambiri mwa izo zinaloŵa m'buku la Sumu za Ukristu.

Ku Mpingo wa Katolika nako, kwa zaka zambiri Misa inkaimbidwa m'Chilatini, ndipo ng'oma inkatsalira kunja chifukwa ankaiona ngati ya magule achikunja. Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, unatsegulira khomo zilankhulo ndi maimbidwe a anthu eniake. Pang'onopang'ono ng'oma, maseche ndi nthungululu zinamveka pafupi ndi guwa.

Si onse amene anakondwa. Akuluakulu ena ankaopa kuti thupi likayamba kuvina, khutu lileka kumva Mawu, ndipo mkanganowu ukadalipo m'mipingo yambiri. Koma mbali zonse ziŵiri zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti maimbidwe ali ndi mphamvu pa mapemphero. Nyimbo yodekha ya pa Mgonero imagwetsa nkhope pansi, pamene ya chikondwerero cha Pasaka imadzutsa ndi nkhalamba zomwe. Mlaliki asanatsegule n'komwe Baibulo, nyimbo imakhala itauza kale mpingo ngati ili nthaŵi yolapa kapena yokondwera.